Mbuzi zingagwile nchito mu Lusaka, koma osati zija za pa cishala

Mu 2009, kampani ya Google inacita hayala mbuzi pafupi-fupi 200 kuti zidye udzu na zitsamba pa malo ake ku Mountain View, ku California. Sinazigule. Inalipila mwini wake, iye anabwela nazo pamodzi na m'busa na galu, zinadya kwa mlungu umodzi, basi zinapita kukadya kwina. Patapita zaka 10, ku California komweko, mbuzi mahandiledi zinadya thengo lozungulila laibulale ya Ronald Reagan ku Simi Valley. Moto waukulu utabuka mu October 2019, malo amene zinadyawo anathandiza ozima moto kupulumutsa nyumbayo.

Nkhani zaconco zikafika pa Facebook, ise a kuno timaseka cabe. Mbuzi kulembedwa nchito? Mu Lusaka mbuzi ili na ulendo umodzi: icoka ku Southern Province pa loli, itsikila ku msika wa Chibolya, ithela pa mbaula ya micopo. Zina zipitilila mpaka ku Kasumbalesa. Koma ine niona kuti pamene tiseka, pali ndalama imene tiisiya pansi, ndipo oyenela kuitola ni ise acicepele amene tikhala pa kona kuyembekezela pisiweki.

Coyamba tigwilizane pa cinthu cimodzi. Mbuzi imene muona mu komboni iyenda-yenda yokha, ilowa m'ngalande, ifufuza pa cishala, si mbuzi imene nikamba pano. Ija ni vuto. Idya mapulasitiki, ndipo mapulasitiki sagayika. Amakhala m'mimba, amamangana ngati mpila, mbuzi iyamba kuonda olo kuti idya tsiku lonse. Funsani aliyense amene amasenda mbuzi, adzakuuzani zimene amapeza akatumbula. Ija ni imene idya lepu ya amayi a pa neba, nkhani n'kufika kwa a cheyamani. Ndipo mu makomboni monga Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi kwambili komanso anthu ambili akali kutunga pa zitsime zosazama, khola la ziweto pafupi na citsime ni kuitana matenda. Tonse tikumbukila January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela ndipo masukulu anacedwa kutsegula. Kolela sibwela na mbuzi, koma inationetsa kuti zilizonse zimene zigwela pansi mu komboni zimafika m'madzi amene timamwa. Amene akana ziweto pakati pa nyumba zothithikana sanalakwe.

Mbuzi za ku California zisiyana na zathu pa zinthu ziŵili cabe: zili na munthu wozilondola, ndipo zili mu mpanda. Mpandawo ni waya wopepuka wa malaiti, wotenga mphamvu ku batile na kasola. Auzika lelo pano, mbuzi zikatsiliza auzula, maŵa auzika patsogolo. Mbuzi sizisankha kodyela. Asankha ni m'busa.

Manje ganizilani Lusaka mu February. Mapuloti osamangidwa ku Chalala, ku Silverest na ku Meanwood amakhala thengo lokha-lokha, eni ake ali ku nchito mu tauni kapena kunja kwa dziko. Manda a Chingwele na a Leopards Hill akale, m'mbali mwa njanji, pansi pa mawaya akulu-akulu a ZESCO, kumbuyo kwa masukulu na machechi, konse udzu umafika m'cifuwa. Mmenemo ni mobisala njoka na akawalala. Caka ciliconse munthu wina amalipila kuti akwape. Udzu ukauma, wina amangoponyapo macisa, utsi uli m'nyumba zathu. Cakudya ca mahala ca ziweto timaciocha, ndiye tikagula nyama yodula.

Nidziŵa zimene ena adzakamba, kuti mbuzi zidzalanda pisiweki ya anyamata a cikwakwa. Koma onani bwino. Wokwapa akatsiliza puloti, alandila ndalama yake, nkhani yatha. Woŵeta akatsiliza puloti, alandila ndalama, mbuzi zake zakhuta popanda kugula cakudya, ndipo zitosi zili na ozigula pakati pa olima ndiwo za masamba. Mbuzi imakhala na bele miyezi isanu, kaŵili-kaŵili imabala mapasa. Cikwakwa sicibala. Komanso cikwakwa sicidzasoŵa nchito, cifukwa mbuzi simakonda udzu wautali wokhwima. Iyo ikonda masamba, zitsamba, zoyanga na mphukila. Ifunika kuloŵa udzu ukali wanthete, ndipo zotsala zifuna dzanja la munthu. Amene adzalonjeza kasitoma kuti puloti idzasalala ngati bwalo la bola adzabweza ndalama.

Pali zina zimene sizifuna masewela. Lantana, citsamba cija ca tumaluŵa tofiila na twacikasu cimene cili paliponse mu Lusaka, cili na poizoni woononga ciŵindi ca ziweto. M'busa afunika kucidziŵa na kucidula mbuzi zikalibe kuloŵa. Puloti imene anapopelapo mankhwala a udzu, kapena imene anthu anaisandutsa cishala, si malo odyetsela. Ndipo mbuzi zoyenda-yenda mu tauni zifunika katemela na mapepala a dokotala wa ziweto. Anthrax imene inavuta mu 2023, maka-maka ku Sinazongwe, inafika mpaka pa matebulo athu, anthu anayamba kuopa nyama. Gulu limodzi lodwala lingaphe bizinesi yonse ikalibe kuyamba.

Cina ni akawalala. Mbuzi 20 zogona pa puloti yopanda mlonda mu December ni Khilisimasi ya munthu wina. Zifunika khola lokhoma kumalo kumene kuli danga, monga kumbali ya Chongwe, Chilanga kapena Lusaka West, na kubwela ku nchito m'maŵa pa kagalimoto. Izi zidya ndalama, n'cifukwa cake si bizinesi ya munthu mmodzi. Ni ya gulu.

Apa m'pamene a kanselo na a komiti za m'mawadi angathandize. CDF inafika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina ni ya magulu a acinyamata na azimayi. Magulu ambili amapempha zofanana: nkhuku za maboila, makina oumbila mabuloko, saluni. Onse apikisana pa kasitoma mmodzi. Gulu limene lingapemphe mbuzi, waya na sola, n'kupempha kanselo cilolezo colembedwa ca malo odyetsela, lingakhale lokha pa msika. Kanselo nayo ingapindule, cifukwa idzadziŵa mbuzi zololedwa na eni ake, ndipo zopezeka pa msewu popanda m'busa idzazigwila popanda mkangano.

Poyambila pabwino si ku manda kapena ku njanji, kumene muyenela kugogoda pa maofesi ambili. Ni puloti imodzi ya wolofensi ku Chalala, mwini wake atavomela pa pepala, mbuzi 10, mu January mphukila zikali zofeŵa. Jambulani puloti pa tsiku loyamba na pa tsiku lothela, mutumize zithunzizo mu gulu la WhatsApp la eni mapuloti a mu msewu umenewo, pamodzi na mtengo wanu.