MSANGU NDI MVULA YA MASIKU ANO

Ana inu, mukafunsa akulu a kuno ku Lisasadzi, adzakuuzani kuti mvula ya masiku ano siiri monga ya kale. Icedwa kudza, ndipo ikadza ileka cimanga cisanakhwime. M'caka ca 2024 dzuwa linaoca minda, kotero kuti maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi analowa m'tsoka la njala.

Kodi casintha mvula nciani? Anthu ophunzira ayeza kutentha kwa dziko lapansi zaka zoposa 150, napeza kuti likunka litentha. Cifukwa cace ndico utsi wa malasha ndi wa mafuta, umene ucuruka ku Ulaya, ku America ndi ku China. Utsiwo ufunda dziko lonse monga gombeza, ndipo nyengo zisokonezeka. Ife sitingathe kuzima moto wa kutaliko. Koma munda wathu uli m'manja mwathu.

Taonani msangu. Mitengo yina iphuka masamba m'dzinja, koma msangu uyoyola ace mvula ikayamba. Motero suphimba cimanga ndi mthunzi. Masambawo aola, nasanduka manyowa, ndipo nthaka ya pansi pace isunga cinyontho pa masiku a ng'amba. Ofufuza za ulimi anayesa zokolola, napeza kuti cimanga ca pansi pa msangu cibereka koposa ca poyera.

Tsono ife a ku Kasungu tilima fodya, ndipo fodya adya mitengo: wina afuna nkhuni zomuocera, wina afuna mitengo ya cigafa. Sitinena kuti atate anu aleke fodya lero lomwe, pakuti ndiye akugulirani zobvala ndi makope. Koma wodula mtengo osabzala wina afanana ndi munthu wokazinga mbeu yace. Ndalama za fodya zitha caka cisanathe, koma msangu udyetsa nthaka kufikira adzukulu.

Cifukwa cace, mukaona kamsangu katamera m'munda, musakadule ndi khasu. Zikani kamtengo pambali pace kuti opalira akaone. Msangu ukula pang'onopang'ono, ndipo woyenera kuusamala ndiye mwana, pakuti wodzadya cimanga cace ndi iye yemwe.

MAFUNSO
1. Kodi utsi wa malasha ucitanji pa dziko lapansi?
2. Msangu usiyana bwanji ndi mitengo yina?
3. M'munda mwanu muli misangu ingati?