Nkhumba yambewu tiziisankha ndi kope

Sabata ino ndili ndi inu alimi a nkhumba a ku Manyamula ndi midzi yozungulira ku Mzimba. Ambirife tikafuna ndalama ya feteleza timagulitsa nkhumba yonenepa kwambiri, n'kusiya yonyentchera kuti ikhale yambewu. Yamphongo imodzi yomweyo imakwera ana ake omwe. Kenako timadabwa kuti tiana tikubadwa tochepa, tofooka, tochedwa kukula.

Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu, ndipo asayansi akuvomereza. Mu 1996, a Max Rothschild ndi anzawo ku Iowa, m'dziko la America, anaonetsa kuti kachizindikiro kena ka mu DNA, kotchedwa ESR, kamayenderana ndi kuchuluka kwa ana amene nkhumba imaswa. Kena, MC4R, kamakhudza kadyedwe ndi kakulidwe. Makampani akunja amayeza zimenezi nkhumba ikadali yaing'ono, n'kusankhiratu yambewu.

Ife makina oyezera tilibe, koma kope ndi pensulo tili nazo. Nkhumba imatenga bere masiku 114. Ikaswa, lembani: bambo wake ndi uti, ana abadwa angati, aleka kuyamwa ali moyo angati. Sungani mwana wamkazi wa mayi wobereka bwino, wamawere osachepera 12. Yamphongo muzisinthana ndi mudzi wina, koma muyambe mwafunsa alangizi a ziweto, ndipo yobwerayo ikhale kaye m'khola layokha, kuopa chigodola, matenda opanda mankhwala.

Madeya ndi odula. Tisawathere pa nkhumba yoswa ana anayi pomwe ina ingaswe khumi.