Tikiti Iwerengedwe Tsiku Logula



Mwezi wathawu m'bale wathu wina, amene amakapikula nsalu ku Dubai, anabwezedwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Ndalama anali nazo, viza inali m'manja, koma dzina la pa tikiti linasiyana ndi la m'pasipoti. Mphwake amene anatumidwa kukagula tikitiyo analembetsa dzina la agogo limene mwini wake amadziwika nalo kumudzi, pomwe pasipoti ili ndi dzina la bambo. Ndege inanyamuka iye akuyang'ana, ndipo gawo lalikulu la mpamba wake linathera pa tikiti ina. Chomvetsa chisoni n'chakuti pepalalo linakhala m'thumba mwake masabata atatu osawerengedwa.

Vuto la mayinali limatikhudza kwambiri ife a kunyanja kuno. Tikamalemba kaundula wa ana ku madrasa timaona kuti dzina limodzi lachiarabu, likalembedwa m'zilembo zathuzi, limatuluka mitundu itatu: Muhammad, Mohamed, Muhamadi, Yusuf, Yussuf, Yusufu. Kumudzi onsewa ndi munthu mmodzi, koma kompyuta ya kampani ya ndege siidziwa mtundu wa munthu. Choncho pogula tikiti tisatchule dzina pakamwa kapena pa foni. Tipereke chithunzi cha tsamba la pasipoti, ndipo tikiti ikatuluka tiziike pambali ziwirizo n'kufananitsa chilembo ndi chilembo.

Chachiwiri ndi tsiku ndi nthawi. Ndege yolembedwa kuti 00:30 Lachiwiri imanyamuka pakati pa usiku wa Lolemba. Wofika Lachiwiri madzulo apeza itapita kalekale. Komanso nthawi iliyonse ya pa tikiti ndi ya dziko limene ndege ikunyamuka kapena kutera. Addis Ababa, Nairobi ndi Dar es Salaam ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, pamene Johannesburg timafanana nayo.

Chachitatu ndi bwalo lokwerera. Zilembo za LLW zikuimira Lilongwe, BLZ ndi Chileka ku Blantyre. Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita oposa 300, ndiye wosokoneza sangathamange n'kuipeza ndegeyo. Tiyang'anenso tsiku lothera pasipoti, chifukwa wopita ku Dubai amafunika pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo.

Nanga tikapeza cholakwa tichitenji? Tibwerere tsiku lomwelo kwa amene anatigulitsa. Ngati tinagula kwa ejenti, kawirikawiri ndi iye amene ayenera kukonza, osati a pa bwalo la ndege. Kuyambira mu 2008 matikiti a ndege amasungidwa m'kompyuta, ndipo pepala limene timanyamula ndi umboni chabe. Papepalapo pamakhala nambala ya zilembo 6 yosungira malo athu. Imeneyo tiitchule pokadandaula. Chilembo chimodzi kapena ziwiri makampani ambiri amakonza, ena mwaulere, ena atalipiritsa. Koma kuchotsa dzina lonse n'kuikapo la munthu wina ambiri salola. Akakonza, tisachoke ndi mawu apakamwa okha: atipatse pepala latsopano, ndipo nalonso tiliwerenge.

Ngati ulendo walephereka, tiwauze ndege isananyamuke. Amene wangokhala chete osaoneka, kampani imafafaniza zigawo zotsala za tikiti yake, ngakhale yobwerera kumudzi. Nawonso okwera basi ya ku Johannesburg aonetsetse tsiku, malo okwerera ndi nambala ya mpando, ndipo lisiti asataye.

Pokadandaula tipite ofatsa. Ngati tinalakwitsa ndife, tivomere ndipo tipemphe thandizo. Ngati analakwitsa ndi wogulitsa, uthenga umene tinamutumizira uja ndiwo utiyankhulire. Kukalipa sikubweza ndege.

Matikitiwa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo si tonse tinapita nacho patali. Pamenepa palibe chochititsa manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'nyumba zambiri muli mwana wa ku sekondale. Muitaneni madzulo a tsiku logula, mum'patse tikiti ndi pasipoti, awerenge mokweza inu mukumvetsera. Mphindi zisanu zimenezo zingapulumutse mpamba umene banja lasonkha chaka chathunthu.

Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.