*MUSANADINE BATANI LA RANKED, TAMVANI KAYE*

Moni nonse a m'magulu a Mobile Legends, achimwene ndi achemwali omwe. Uthengawu ndi wautali, ndiye khalani pansi kaye. Ndikulembera makamaka aphwanga amene mwayamba kumene. Mwamenya Classic masabata angapo, batani la Ranked latseguka, ndipo chala chikuyabwa.

Maganizo anga ndi awa, ngakhale ena akwiya nawo. Kutseguka kwa batani si chilolezo. Munthu alowe Ranked akafika poti atha kulonjeza anthu anayi osawadziwa zinthu ziwiri: kuti akhala nawo mpaka game ithe, komanso kuti atenga ntchito iliyonse imene yatsala m'timu. Ngati ziwirizi simungalonjeze, pitirizani Classic. Palibe amene akukuthamangitsani kumeneko.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ku Classic ukaluza, waluza basi, mawa waiwala. Ku Ranked ukawina umalandira nyenyezi, ukaluza imachoka, ndipo imachokera nonse asanu. Makwerero ake ndi aatali: Warrior, Elite, Master, Grandmaster, Epic, Legend, kenako Mythic. Nyenyezi imodzi ndi mphindi 15 kapena 20 za moyo wa munthu, kuphatikiza bandulo ndi batire. Mnzako uja mwina wasunga data yake tsiku lonse, osatsegula ngakhale Facebook, kuti madzulo amenye ma game atatu. Iwe ukalowa mwachibwana n'kuthawa pakati, walowa m'matumba mwa anthu anayi. Season nayo ikatha pakapita miyezi itatu kapena kuposerako pang'ono, aliyense amatsitsidwa n'kuyambanso kukwera. Ndiye nyenyezi ya munthu musamaione mopepuka.

*1. Foni, netiweki ndi nthawi*

Ine ntchito yanga ndi ya mainjini a maboti, ndipo lamulo lathu loyamba ndi loti injini timayesera padoko. Sungadikire kuti ukafike pakati pa nyanja usiku, mwera uli pafupi, ndiye uziona ngati pulagi ili bwino. Ranked ndi pakati pa nyanja. Classic ndiye doko lanu.

Musanalowe, menyani game imodzi ya Classic kapena Brawl, maso ali pa nambala ya ping. Ikakhala yobiriwira mpaka game kutha, pitani. Ikamasinthasintha, pano yachikasu pano yofiira, lero si tsiku lanu. Ife kuno timasewera ma server ali kutali, ndiye ping yathu imayamba kale ili yokwererapo. Tisaonjezerenso mavuto dala. Dziwani malo a panyumba panu pamene netiweki imagwira bwino, dziwaninso nthawi imene imalemera, makamaka madzulo aliyense akaweruka n'kuyamba kuonera mavidiyo. Tsekani zoti WhatsApp izidzitsitsira yokha zithunzi ndi mavidiyo, chifukwa gulu limodzi la ukwati likhoza kukuphetsani pa Lord. Graphics ikani pa low. Maluwa okongola a pa sikirini sanawinitsepo munthu, koma foni ikatentha imayamba kudodoma nthawi yeniyeni ya nkhondo.

Batire likhale lopitirira theka. Magetsi mukudziwa mmene amachitira, ndiye osadalira kuti "ndili pa tchaja". Bandulo ionenitu musanalowe.

Nthawi nayo muiwerengere. Game yabwino imatha kupitirira mphindi 25 ngati matimu onse akukanika kuthyolana. Ngati amayi anena kale kuti akutumani kumsika, pitani kaye kumsikako. Ngati muli pantchito ndipo bwana atha kukuitanani nthawi iliyonse, foni ikhale m'thumba. Ukasiya game pakati, kompyuta ndi imene imayendetsa hero wako, ndipo imayendetsa ngati munthu woledzera, kumangopereka golide kwa adani. Pamwamba pa izo credit score yako imatsika, ndipo ikatsika kwambiri amakutsekera Ranked yomweyo.

*2. Phunzirani ntchito imene anthu amaithawa*

Apa ndiye pagona nkhani. Timu ili ndi malo asanu. Gold lane, kumene nthawi zambiri kumapita marksman. EXP lane, kwa fighter. Mid, kwa mage. Jungle, kwa amene watenga Retribution n'kumapha zilombo za m'tchire. Ndiye pali roam, tank kapena support amene alibe njira yakeyake, ntchito yake n'kuzungulira kuthandiza anzake.

Lowani Ranked lero muone. Anthu atatu akulimbirana marksman, wachinayi akuti jungle kapena afa, roam palibe akumufuna. Game imeneyo yaluzika isanayambe, ndipo aliyense adzaloza chala mnzake.

Ine ndimati munthu asanayambe Ranked adziwe bwino ntchito ziwiri, ndipo imodzi mwa izo ikhale roam. Kudziwa bwino ndikutanthauza ma hero awiri kapena atatu pa ntchito iliyonse, oti umadziwa skill iliyonse imafika pati ndipo imabwerera pakatha masekondi angati. Mukafika ku Epic mudzakumana ndi draft pick, kumene matimu amatsekerana ma hero, ndipo hero akatengedwa ndi adani inu simungamutengenso. Wodziwa Layla yekha akafika pamenepo amangoti kakasi.

Yambani ndi osavuta. Tigreal ndi tank wabwino wophunzirira, amakoka adani n'kuwaunjika pamodzi kuti anzako amalize. Estes ndi Rafaela amachiza anzawo. Eudora ku mid sasowa zala zambiri. Balmond amatha jungle bwinobwino. Fanny ndi zingwe zake musiyeni kaye. Amene mumawaona pa TikTok akuuluka naye anamuphunzira miyezi, ndipo ping yawo si yanuyi. Ma hero ambiri amagulidwa ndi ma battle point 32,000, ndipo kuti akwane pamatenga masiku, ndiye musamwaze pa hero woti mwangomuona akuwala m'vidiyo. Za ma skin ndiye musadzivutitse n'komwe. Skin imangoonjezera kanthu kochepa kwambiri, monga 8 pa mphamvu yomenyera kapena 100 pa moyo. Ndalama ya ma diamond ija bola mugulire bandulo.

Ena amati roam ndi ntchito ya munthu wosatha game. Amene anakulira kunyanja akudziwa kuti pa chilimira, siginala amakhala m'bwato mwake ndi nyali, sakoka nawo khoka. Koma iyeyo ndi amene amaunjika usipa n'kuuza alovi nthawi yoponya. Akalakwitsa, onse amabwerera opanda kanthu, mafuta atapita. Roam ndi choncho. Amalowa m'tchire koyamba kuti aone ngati mwabisala mdani, amayambitsa nkhondo nthawi yoyenera, amaima kutsogolo kuti marksman aombere ali mtima m'malo. Ngakhale nsapato zake za roam anazipanga dala kuti kumayambiriro asamadye golide wa anzake.

Ngati simukundikhulupirira ine, funsani a ku Philippines. Mu Disembala 2021 ku Singapore, pa mpikisano wa dziko lonse wa M3, timu ya Blacklist International inagonjetsa ONIC Philippines 4-0 mu fainolo. Njira imene anatchuka nayo inali yoyenda pamodzi onse asanu mozungulira Estes, ndipo amene ankamusewera ndi kaputeni wawo OhMyV33nus. Matimu ena ankachita kumutseka Estes poopa. Skin ya chikumbutso cha ukatswiri umenewo inapita kwa Estes, hero wochiza anzake uja amene inu mumamunyoza.

*3. Game iyi sawina ndi ma kill*

Moonton anatulutsa game imeneyi mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo lamulo silinasinthe: wawina ndi amene waswa base ya mnzake. Ukhoza kupha anthu 20 n'kuluzabe. Timaziona tsiku ndi tsiku, munthu akuthamangitsa mdani mmodzi mpaka kuseri kwa mapu pamene ma minion akugwetsa turret yake.

Musanalowe Ranked, zolowerani zinthu izi ku Classic mpaka zikhale m'magazi. Turtle amatuluka pa mphindi yachiwiri, ndipo timu yomupha yonse imapindula. Ngati muli pafupi, pitani mukathandize jungler wanu. Cha pa mphindi ya 8 kumabwera Lord, ndipo mukamupha amayenda nanu kukagumula ma turret. Mukapha adani atatu kapena anayi pa nkhondo imodzi, musabwerere kukasaka tizilombo. Gwetsani turret kapena tengani Lord adani asanadzuke. Kumapeto kwa game munthu akafa amadikira nthawi yaitali, ndiye imfa imodzi yopusa pa mphindi ya 18 imatha kutaya zonse zimene mwamanga.

Ndiye pali kamapu kaja kali pakona. Kayang'aneni pafupipafupi ngati mmene woyendetsa minibasi amayang'anira galasi. Mukaona kuti adani atatu sakuoneka paliponse, dziwani kuti akubwera kwa inu. Bwererani pansi pa turret. Palibe manyazi pamenepo.

*4. Pakamwa ndi mtima*

Ku Ranked mudzatukwanidwa, izi ndiye konzekeranitu. Mudzakumana ndi anthu a mayiko ena, ena olemba zilankhulo zoti simuzimva. Walira mvula walira matope. Koma inu musabwezere. Nthawi imene mukulemba chitukwano, hero wanu waima, golide sakulowa, ndipo mnzanu amene mwamutukwanayo sasewera bwino chifukwa mwamutchula galu. Amangoipiraipira, mwinanso kuyamba kudzipereka dala. Game inatipatsa kale zizindikiro: Attack, Retreat, Gather. Zimenezo aliyense amamva, kaya ndi wa ku Cairo kaya wa ku Nkhotakota. Wina akayamba phokoso, mutsekeni pakamwa ndi mute, game ipitirire.

Mukaluza kawiri motsatizana, ikani foni pansi. Game yachitatu imene umalowa uli ndi mkwiyo kuti "ndibweze nyenyezi zanga" ndi imene imatenga zina zitatu, n'kupezeka kuti tambala akulira iwe uli maso, m'mawa ntchito ikudikira. Rank siidzakugulirani ufa. Ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse password akukwezereni akaunti mpaka Mythic, kanani. Mwina akaunti ipita osabwerera, mwina ibwera ili pa rank yoti inu simungaikwanitse, muzikangolemetsa anthu kumeneko.

*Ndikudziwa zimene ena munene*

Wina ati, "Aise, ndi game chabe, bwanji ukuchita ngati mayeso a MSCE?" Zoona, ndi game. Bawo nayenso ndi game, koma tayesani kudzuka pakati pa bawo n'kumwaza nkhomo muone ngati madala aja adzakuitaninso. Amene akufuna kungoseka ndi kuyesa ma hero atsopano, malo ake alipo, Classic ndi Brawl, ndipo palibe cholakwika. Ranked anaipangira anthu amene agwirizana kuti ayesetse.

Wina ati, "Ine ndimatha, koma amandiluzitsa ndi anzanga, ndiye bola nditenge hero wopha ndiwanyamule ndekha." Tiyeni tiwerenge. Timu yanu ili ndi anthu anayi osawadziwa, ya adani ili ndi asanu. Ngati inuyo simuthawa game, simutukwana ndipo mumatenga ntchito yotsala, ndiye kuti munthu wosokoneza ali ndi mipando inayi kwanu koma isanu kwa adani. Pa game imodzi mukhoza kugwa nazo, inde. Pa ma game 100 masamu ali mbali yanu. Koma ngati game iliyonse m'timu mwanu mumakhala wosokoneza, mwina nthawi yakwana yoonera replay n'kuona kuti amene amapezeka m'ma game onsewo ndi ndani.

Winanso ati, "Tank sapeza MVP." Nthawi zina amapeza, koma ngakhale asapeze, nyenyezi ya wopambana ndi imodzimodzi kwa onse asanu. MVP wa timu yoluza amakhala ndi chithunzi chokongola choika pa status. Ine bola nyenyezi.

Njira yabwino koposa ndi kupeza mnzanu mmodzi kapena awiri oti muzilowa limodzi, mutagawana kale ntchito musanadine batani. Roam ndi jungler akamamvana, theka la game latha kale. Ngati muli mudzi umodzi khalani pamodzi pakhonde, kulankhulana pakamwa kumaposa chilichonse cholemba.

Ndiye aphwanga, dzifunseni musanalowe. Ping ili bwanji? Batire ndi bandulo zifika? Pali amene andiitane mphindi 30 zikubwerazi? Anzanga onse akasankha, ndingatenge malo otsalawo osadandaula? Mayankho onse akakhala bwino, dinani, tikumana ku Epic. Limodzi likavuta, Ranked siithawa, mawa iliponso.

Tumizani uthengawu kwa uja amasankha Layla timu ili kale ndi marksman. Mukumudziwa. Zikomo.