Tidziwe pomwe pali asbestos, tisamuswe

Nyengo ya mvula ikamayandikira, makomiti a sukulu, eni nyumba ndi akuluakulu a mipingo amayamba kukonza madenga odontha. Ndi ntchito yabwino. Koma tikupempha kuti mmisiri asanakwere padenga lakale ndi nyundo kapena sowo, afunsidwe funso limodzi: kodi malata amenewa si a asbestos?

Asbestos ndi mwala wokumbidwa pansi womwe umanyenyeka n'kukhala timaulusi tating'ono kwambiri. Timaulusiti sitipsa ndi moto, sitiola ndipo sitichita dzimbiri. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri makampani ankatisakaniza ndi simenti popanga zipangizo zomangira zolimba komanso zotsika mtengo. Migodi yake inali pafupi nafe, ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe komanso m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa. Tisadabwe kuti nyumba zambiri za boma, sukulu, zipatala ndi nyumba za m'maesiteti zomangidwa nthawi ya atsamunda mpaka zaka za m'ma 1980 zili ndi zipangizo zoterezi.

Malo oyamba kuyang'ana ndi denga. Malata a asbestos ndi otuwa ngati simenti, okhuthala ndi olemera, sachita phokoso mvula ikamagwa, ndipo akagwa pansi amasweka ngati phale m'malo mopindika. Koma asbestos sathera padenga. Amapezekanso m'mabolodi a siling'i, m'magatala ndi mapaipi otsitsira madzi a mvula, m'mathanki akale a madzi, m'mapaipi a madzi ndi a zimbudzi okwiriridwa pansi, m'matayilosi akale apulasitiki a pansi ndi guluu wake, ndiponso m'bolodi lomwe ankakhomapo mita ya magetsi. M'zipatala, m'mafakitale ndi m'makhitchini a sukulu zogonera komweko, ankakulunga naye mapaipi a madzi otentha ndi mabwela. Wokulungira mapaipiyu ndiye woopsa kuposa onse chifukwa ndi wofewa ndipo amafumbutuka ndi dzanja lokha.

Si lata lililonse lasimenti lomwe lili ndi asbestos, chifukwa ena atsopano amapangidwa ndi ulusi wamtundu wina. Vuto ndi lakuti maso sangasiyanitse, koma kuyeza kwa akatswiri mu labotale. Choncho ngati nyumba ndi yakale ndipo mukukayika, itengeni ngati ili naye.

Tisachite mantha mopitirira. Denga lomwe lili bwinobwino, losasweka ndi losafumbwa, silitulutsa fumbi lambiri, ndipo nthawi zambiri kulisiya kuli bwino kusiyana ndi kulisasula mwachisawawa. Ngozi imayamba lata likadulidwa, likabooledwa, likapalidwa ndi burashi yawaya kapena likasweka. Pamenepo timaulusi tosaoneka ndi maso timauluka, munthu n'kutipuma, ndipo tina timakanirira m'mapapo moyo wake wonse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa. Fumbi lake limaumitsa mapapo, limayambitsa khansa ya m'mapapo, ya pakholingo ndi ya mabasiketi a mazira a amayi, komanso khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Dokotala J.C. Wagner ndi anzake anaonetsa mu 1960 kuti khansa yomalizayi inkagwira anthu a kumigodi ya ku South Africa, kuphatikizapo ena omwe sanagwirepo ntchito mumgodi koma ankangokhala pafupi. Dziko la Britain linaletsa asbestos kotheratu mu 1999, ndipo South Africa inatero mu 2008.

Choopsa china ndi chakuti matendawa amabisala zaka 20, 30 ngakhale 40 asanaonekere. Mwana wa sitandade 3 yemwe akusesa zidutswa za siling'i lero angadzadwale ali ndi banja lake, ndipo palibe adzakumbukire tsiku la tsachelo. Zizindikiro zake, monga chifuwa chosatha, phuma, kupweteka m'chifuwa ndi kuwonda, zimafanana ndi za chifuwa chachikulu cha TB. Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya angathandize. Wodwala akayezedwa TB osapezeka nayo koma chifuwa osatha, mufunseni ntchito zomwe anagwirapo. Ngati anali mmisiri womanga, pulambala kapena anagwirapo m'migodi ya kunja, akauze dokotala zimenezo. Ndipo ngati amasuta fodya aleke, chifukwa fodya ndi asbestos zikakumana chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakula kwambiri.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi malata osasulidwa. Kwathu kuno chinthu sichitayidwa msanga. Lata lakale limasanduka mpanda wa bafa, denga la khola la nkhuku kapena chovindikira chimbudzi, ndipo ana amatola zidutswa zake n'kumaseweretsa. Wogula amaona ngati watola chikwama poti mtengo ndi wotsika, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphepo zamkuntho ngati ya Freddy ya mu Malichi 2023 zimawonjezera vutoli, chifukwa zikasasula madenga anthu amathamangira kutola zotsala ndi manja.

Lata kapena siling'i ikasweka, choyamba chotsani ana pamalopo. Musasese pouma. Wazani madzi pang'onopang'ono kuti fumbi lisauluke, tolani zidutswa osaziswanso, zikulungeni m'mapulasitiki okhuthala awiri, ndipo pukutani pansi ndi sanza yonyowa yomwe muitaye limodzi ndi zidutswazo. Musaziwotche kapena kuzitaya kumtsinje, koma funsani a zaumoyo kukhonsolo komwe zingakwiriridwe. Dziwaninso kuti masiki yansalu kapena ija tinkavala nthawi ya Covid-19 siitchinga timaulusiti. Zovala zogwirira ntchitoyi zisakung'unthidwe ndipo zisalowe m'nyumba. Kusasula denga lonse si ganyu wa anyamata a m'mudzi, ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa omwe ali ndi zodzitetezera zoyenera.

Koma udindowu sungathere kwa makolo ndi mavolontiya okha. Tikupempha maunduna a zamaphunziro ndi zaumoyo, makhonsolo ndi bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA kuti alembe m'kaundula sukulu ndi chipatala chilichonse chomwe chili ndi asbestos, ayambe kuchotsa komwe wawonongeka kwambiri, ndipo akonze malo otayirako. Kontilakitala aliyense wopatsidwa ntchito yokonza nyumba yakale auzidwe polemba kuti malata osasulawo sagulitsidwa kapena kugawidwa.

Inu makolo, pamsonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi funsani kuti denga ndi siling'i za kalasi ya mwana wanu n'zopangidwa ndi chiyani, ndipo zikasweka amasesa ndani. Funso limeneli silifuna ndalama, koma lingateteze mapapo a ana ambiri.