Zilembo za pafoni zikayamba kuvina

Loweruka lapitali ndinapeza azakhali anga pamsika wa Bvumbwe ataima pa kauntala ya ejenti wa ndalama za pafoni. Mkono anali atautambasula mpaka polekezera, foni ili kutali ndi nkhope, maso akutsinzinira. Atalephera, anapereka foniyo kwa mnyamata amene anali pambuyo pawo pamzere, n'kumuuza nambala yachinsinsi mokweza. M'fonimo munali malipiro awo a kuesiteti.

"Zakhali, munthuyu mukumudziwa?" ndinafunsa.

"Ayi mwanangu, koma nanga nditani? Zilembozi zikuvina."

Azakhaliwa sukulu anapita, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankasunga kaundula wa banki m'khonde kwathu. Chawasintha ndi msinkhu. M'diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha kaumbidwe kake tikamayang'ana chinthu chapafupi. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasiko kamayamba kuuma. Phiri la Thyolo amaliona bwinobwino, koma uthenga wa pafoni, bowo la singano kapena kulemba kwa ophunzira anga a Fomu 2 zimasanduka chifunga. Madokotala amati presbyopia. Palibe walodzedwa apa, ndipo foni siinawononge maso a munthu. Agogo athu nawonso vutoli anali nalo, kungoti ndalama zawo ankamanga pansonga ya chitenje, sizinkafuna kuwerenga.

Chithandizo choyamba chili m'foni momwemo. Pa foni za Android, lowani pa Settings, kenaka Display, mupeza Font size. Kokerani kumanja zilembo zikule. Pa Accessibility pali Magnification, yokuza chilichonse chili pasikirini. WhatsApp nayonso ili ndi pokuzira zilembo, pansi pa Chats. Ntchito ya mphindi ziwiri. Chondidabwitsa n'chakuti ana athu, amene amadziwa ngodya iliyonse ya TikTok, saganiza zochitira makolo awo zimenezi. Mwina kuwerengera amayi mauthenga kuli ndi phindu lake.

Asayansi anayesapo zoposa apa. Mu 2014, akatswiri a ku University of California, Berkeley ndi MIT ku America anaonetsa sikirini yokhala ndi chophimba cha timabowo ting'onoting'ono, imene imakonza chithunzi molingana ndi vuto la diso la mwini wake kuti awerenge osavala magalasi. Nzeru yabwino, koma inali ya mu labotale, ndipo ambiri othyola tiyi kuno ali ndi kafoni ka mabatani, kamene sikirini yake ikufanana ndi bokosi la machesi.

N'chifukwa chake ine ndimabwerera ku magalasi owerengera. Mu 2018 magazini ya zaumoyo ya The Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wa m'minda ya tiyi ku Assam, m'dziko la India. Mwa anthu 751 othyola tiyi a zaka 40 kupita m'tsogolo, theka anapatsidwa magalasi. Amenewo tiyi wawo wa patsiku anachuluka ndi pafupifupi 22 peresenti kuposa anzawo, ndipo kwa opitirira zaka 50 kusiyanako kunadutsa 30 peresenti. Zomveka: wothyola amafuna masamba awiri ndi kansonga, ndipo zimenezi zimakhala pafupi ndi nkhope ngati foni yomwe ija. Kuno malipiro amayenderanso makilogalamu. Eni minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, pamodzi ndi mabungwe a antchito, akanawerengera okha kuti kuyeza maso kamodzi pachaka kungabweze zingati.

Chenjezo lilipo. Magalasi a pamsika alembedwa mphamvu yake, monga +1.00, +2.00 kapena +3.00, ndipo osangotola chifukwa chimango chake n'chokongola. Yesani powerenga nyuzipepala ngati ino. Koma ngati maso achita mdima mwadzidzidzi, akupweteka, simuona ngakhale patali, kapena muli ndi matenda a shuga, pitani kuchipatala cha boma ku Thyolo, ku Malamulo, kapena ku Lions Sight First ku Queens mu Blantyre. Ng'ala sichoka ndi magalasi.

Tsiku lomwelo tinakhala pansi pa mtengo n'kusintha nambala yachinsinsi ya azakhali. Magalasi amene anawayanja ndi a +2.00. Atawavala anatsegula mauthenga akale mmodzimmodzi, n'kupeza kuti K5,000 imene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Johannesburg mu Juni inalowadi, n'kutulukanso madzulo a tsiku lomwelo.