CO2 mufiliji: Ulaya wasankha kale, nanga thanki ya mkaka ya ku Mikolongwe?

Mkaka umatuluka m'bere la ng'ombe uli wofunda, pafupifupi madigiri 37. Ukapanda kuziziritsidwa mpaka madigiri 4 m'maola ochepa umayamba kusasa, ndipo galimoto ya kampani ikabwera kudzatenga amaukana. N'chifukwa chake alimi a ng'ombe zamkaka ku Mikolongwe ndi madera ena a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje amalawirira ndi zigubu panjinga kupita kumalo osonkhanitsira mkaka, kuja timangoti ku bulking. Ndalama za gulu lonse zimadalira thanki imodzi yoziziritsira. Thankiyo nayo imadalira gasi amene ali m'mapaipi ake, ndipo gasi amene makina otere amayendera nthawi zambiri ndi uja mayiko adagwirizana kale kuti achepetsedwe, wina atheretu.

Si nkhani yoti ingatchuke pa TikTok, ndikudziwa. Koma masiku ake adaikidwa kale, ndipo Malawi adasaina.

Mu 1987 mayiko adapanga pangano la Montreal lothetsa magasi amene ankabowola ozoni, mpweya uja uli kumwamba umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Woyamba kuchotsedwa anali R12, amene m'mayiko osauka adatha mu 2010. Wotsatira ndi R22, amene akadali m'makina ambiri akale: pofika 2030 ayenera kukhala atatha, kungotsala kochepa kokonzera makina akale. M'malo mwa awiriwa mudabwera magasi a mtundu wa HFC monga R134a ndi R404A. Awa sakhudza ozoni, koma amatenthetsa dziko moopsa. Ndiye pa 15 October 2016 mayiko adakumananso ku Kigali, m'dziko la Rwanda, n'kugwirizana zochepetsanso amenewa. Malawi adavomereza panganoli mu 2017, m'gulu la mayiko oyambirira. Kwa ife ndondomeko yake ndi iyi: kuyambira 2024 sitiyenera kupitirira mlingo umene tidapatsidwa, mu 2029 tichepetse ndi 10 peresenti, mu 2035 ndi 30, mu 2040 ndi theka, ndipo mu 2045 ndi 80 peresenti.

Moopsa bwanji? Kilogalamu imodzi ya R404A ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 3,922 a carbon dioxide. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ija ikufanana ndi kutentha malita 1,700 a petulo. Wakabaza wanjinga yamoto angayende miyezi yambirimbiri asanafike pamenepo. Ndipo gasi amathawa ndithu. Bungwe loona zachilengedwe ku America limati supamaketi wamba amataya pafupifupi 25 peresenti ya gasi wake chaka chilichonse. Kuno ndiye tonse tikudziwa mawu aja akuti "gasi watha, tikawonjezere", ngati kuti gasi amatha ngati mayunitsi. Gasi wa mufiliji satha. Akachepa ndiye kuti penapake padontha.

Apa ndi pamene nkhani imadabwitsa. Mmodzi mwa olowa m'malo amene masitolo akuluakulu a ku Ulaya asankha ndi carbon dioxide yemweyo, CO2, mpweya umene kusukulu tidauzidwa kuti ndi umene ukusokoneza nyengo. Amisiri amautcha R744. Palibe kutsutsana apa. Filiji sipanga kuzizira, imangotuta kutentha kuchokera mkati n'kukataya kunja, ndipo gasi ndiye chonyamulira: amawira mkati mwa mapaipi n'kuyamwa kutentha, kompuresa imamufinya, amataya kutenthako panja, amasanduka madzi, n'kubwereranso. Chonyamuliracho chikadontha, funso ndi loti chiwononga zochuluka bwanji. Pa muyeso umene R404A ali 3,922, R22 ali 1,810 ndipo R134a ali 1,430, CO2 ali pa 1. Komanso CO2 wa m'mafiliji sachita kupangidwa mwatsopano. Amatengedwa ku mafakitale amene akadangomutaya.

Njirayi si yatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 sitima zapamadzi zonyamula nyama zinkaziziritsa ndi CO2. Adasiyidwa magasi opangidwa m'mafakitale atabwera m'ma 1930, chifukwa anali osavuta kugwira nawo ntchito. Amene adamudzutsanso ndi pulofesa wina wa ku Norway, Gustav Lorentzen, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Lero masitolo masauzande ambiri ku Ulaya akuyendera njira imeneyi, ndipo kuno kufupi, ku South Africa, makampani ngati Woolworths ndi Pick n Pay adayamba kuika makina a CO2 m'masitolo awo zaka zoposa khumi zapitazo. Abale athu ali ku Joni amagula nyama yoziziritsidwa ndi mpweyawu osadziwa n'komwe.

Zokoma zake kwa dziko ngati lathu zikuoneka. CO2 sayaka moto. Palibe kampani imene ili mwini wake, ndipo palibe pangano limene lidzamuletse. Magasi a HFC onse timachita kuitanitsa kunja ndi madola, ndipo aliyense amene adakonzetsapo filiji kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa tanthauzo lake. Pamene CO2 ndi yemweyo amachititsa thovu mu botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo amatuluka paliponse pamene pakuwira mowa, kuphatikizapo m'mafakitale opanga ethanol ngati a PressCane ku Chikwawa ndi EthCo ku Dwangwa. Wa mufiliji amafunika woyeretsedwa kwambiri, wopanda chinyezi, ndiye sindikunena kuti mawa titunge m'chigubu. Ndikungoti iyi ndi gasi imodzi imene tingathe kuiganizira popanda kuyamba ndi funso la ndalama zakunja. Palinso phindu lina limene anthu a mkaka angalikonde: makina a CO2 amataya kutentha kwambiri moti amatha kutenthetsa madzi otsukira mathanki ndi zigubu popanda kuwonjezera magetsi.

Tsopano zovuta, chifukwa zilipo, ndipo zonse zitatu zikutikhudza ife kuposa a ku Norway.

CO2 ali ndi khalidwe lake. Akapitirira madigiri 31 sasandukanso madzi, ngakhale mutamufinya bwanji. Kumayiko ozizira izi zimavuta masiku ochepa pachaka. Kuno mu October ndi November, ngakhale ku mapiri a Chiradzulu kumene timati n'kozizirirapo, masana amafika pamenepo. Ku Nchalo, Ngabu ndi Nsanje amapitirira 40. Makinawo amagwirabe ntchito, koma mwa njira ina imene imadya magetsi ambiri. Akatswiri adapeza zothandiza, monga kuwonjezera kompuresa ina, kunyowetsa mpweya woziziritsa makina panja, ndi kachipangizo kotchedwa ejector, ndipo n'chifukwa chake makinawa akugwira ntchito m'madera otentha a South Africa. Koma chilichonse chowonjezera ndi ndalama, komanso ndi chinthu china choti chidzawonongeke.

Chachiwiri ndi puresha. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Makina a R404A tsiku lotentha amakhala pa mabaa pafupifupi 20. A CO2 amafika 90, 100, nthawi zina 120. Mapaipi wamba, mageji wamba, kuwotcherera kongoyerekeza, zonsezi sizingapirire. Mmisiri akalakwitsa pothira, kuika wamadzi m'makina opanda puresha, CO2 amaundana kukhala ayezi wouma n'kutseka paipi. Akadontha m'chipinda chotseka, alibe fungo ndipo amakhala pansi chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, moti munthu angakomoke osadziwa chamugwetsa. Pamafunika kachipangizo kochenjeza.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo otsatsa malonda sakonda kuchitchula: kuthima kwa magetsi. Makina akaima, CO2 amene ali mkati amayamba kufunda ndipo puresha imakwera. Pa madigiri 25 imafika mabaa 64. Ngati zipangizo sizidapangidwe zopirira pamenepo, mavavu otetezera amatseguka n'kutaya gasiyo panja. Magetsi akabwera, makina alibe choyendera. Mukukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130? Maola amene tinkakhala mumdima aja ndi amene aliyense wogula makina a CO2 kuno ayenera kuwerengera. Njira zilipo: kugula makina opirira puresha yaikulu akaima, kapena kuika kamakina kakang'ono ka pa jenereta kapena sola kosunga gasiyo ali wozizira. Koma ziyenera kulembedwa mu mgwirizano wogulira, osati kudzazindikira katundu atafika.

Ndiye CO2 ndi wa ndani kuno? Maganizo anga ndi akuti ndi wa akuluakulu: masupamaketi a mu Blantyre ndi Lilongwe, mafakitale a mkaka, malo ophera ng'ombe ndi nkhuku, nyumba zosungira nsomba ndi mbewu zamasamba zopita kunja. Kumeneko gasi amakhala makilogalamu mazanamazana, mapaipi ndi aatali, podontha mpambiri, ndipo majenereta alipo kale. Kampani imene ikumanga chipinda chozizira chachikulu lero n'kusankha R404A ikugula vuto, chifukwa makina otere amakhala zaka 15 kapena 20. Adzafika mu 2040 akufunabe gasi amene dziko lidzaloledwe kuitanitsa theka lokha. Ndipo China, kumene kumachokera gasi wambiri wa mtunduwu, ili m'gulu limodzi ndi ife pa ndondomeko ya Kigali. Wogula ndi wogulitsa onse akuchepetsa nthawi imodzi.

Koma thanki ya gulu la alimi ku Mikolongwe, kapena filiji ya butchala ya pa Limbe, ndi nkhani ina. Pa makina ang'onoang'ono CO2 amadula kwambiri poyerekeza ndi phindu lake. Kumeneko wolowa m'malo wanzeru ndi propane, amene amisiri amamutcha R290, wachibale wa gasi wophikira, amene pa muyeso uja ali pa 3. Amachita bwino kotentha ndipo sadya magetsi ambiri. Vuto lake ndi loti amayaka, ndiye amafunika makina opangidwira iyeyo komanso mmisiri wodziwa. Ngati filiji ya kunyumba kwanu ndi yatsopano, yang'anani kumbuyo: mwina palembedwa R600a, amene ndi m'bale wake. Kusinthaku kudalowa kale m'nyumba zathu mwakachetechete. Chimene ndikukana ndi choti wina abwere ndi pulojekiti, aike makina apamwamba a CO2 pamudzi chifukwa lipoti lake liwoneka bwino, ajambulitse zithunzi, azipita. Makina akadzaima pakatha chaka, wodziwa kukonza ali ku Johannesburg, ndipo mkaka wa m'mawa sungadikire ndege.

Izi zikutifikitsa pa amisiri, ndipo apa Mikolongwe ikulowa kawiri. Dzinali limadziwika ndi ziweto, mpaka nkhuku zakuda zija za Black Australorp timangozitcha mikolongwe. Koma pomweponso pali sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP, imene yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuyambira m'ma 1990. Malo amene ali ndi ng'ombe zamkaka mbali ino ndi achinyamata ophunzira ntchito mbali inayo ndi oyenera kukhala poyambira maphunziro a magasi atsopanowa. A TEVETA ndi a nthambi yoona zachilengedwe, kumene kuli ofesi yoyang'anira za ozoni, ali ndi mpata apa. Amisiri ambiri a mafiliji amene timawadalira m'matauni adaphunzirira pa ntchito, kwa bwana wawo, ndipo ndi aluso ndithu pa R22 ndi R134a. Luso lomwelo pa mabaa 100, kapena pa gasi woyaka, popanda maphunziro ena ndi zida zoyenera, likhoza kuvulaza munthu. Kwa wachinyamata amene akufunafuna ntchito yoti sidzatha msanga, iyi ndi imodzi: makina akubwera, odziwa kuwagwira ndi ochepa m'chigawo chonse chino cha Africa.

Wina anena kuti ife sitinawononge nyengo, bwanji tivutike? Ndi zoona kuti gawo lathu ndi laling'ono kwambiri, ndipo anthu a ku Ntauchira m'boma lomweli la Chiradzulu, amene mudzi wawo udakokoloka ndi namondwe Freddy mu March 2023, adalipira ngongole imene sadatenge. Koma kukana kusintha sikulanga amene adawononga. Kumangotisandutsa kudzala. Ulaya adaletsa kuyambira 2020 kugulitsa makina atsopano amalonda oyendera magasi ngati R404A, ndipo makina akale amene akuchotsedwa m'masitolo akufuna kopita. Ife timadziwa bwino mmene kaunjika amayendera. Filiji yagalasi yotchipa ija imaoneka ngati mwayi tsiku logula, kenako imadya mayunitsi ngati ili ndi njala ya chaka chatha, n'kumafuna gasi amene mtengo wake ukungokwera. Ghana adaona zimenezi n'kuletsa kuitanitsa mafiliji akale mu 2013. Ife tikhoza kuyamba ndi zochepa: oyang'anira m'malire a Mwanza, Dedza ndi Muloza azitha kuwerenga chimene chalembedwa pa makina, ndipo boma ndi mabungwe asagulenso makina a R404A ndi ndalama za chitukuko.

Sikuti gasi asowa mawa. Mlingo umene tidapatsidwa uli ndi mpata, ndipo thanki imene ikugwira bwino ntchito palibe chifukwa choitayira. Chotchipa kwambiri lero ndi kutseka podontha m'malo momangowonjezera gasi. Koma tsiku limene komiti ya gulu la mkaka idzakhale pansi kukambirana zogula thanki ina, kapena kulandira yamphatso, pakhale munthu mmodzi wopita kumbuyo kwa makinawo ndi foni yake, ajambule kachitsulo kolembedwa kaja, aone nambala yoyamba ndi R. Kenako afunse wogulitsayo kuti mu 2035 gasi ameneyu adzamupeza kuti, ndipo wokonza wapafupi amakhala kuti.